Belo ndi yaulere, koma bwera ndi ndalama: mafunso ndi mayankho pa mkwiyo wa anthu a ku Nigeria

M'mapolisi ambiri a ku Nigeria muli chikwangwani chonena kuti belo ndi yaulere. China chimati wapolisi ndi bwenzi lako. Munthu wa ku Lagos kapena ku Onitsha akamva mawu awiriwa amaseka, koma si kuseka kwa chimwemwe. M'bale wake akagona m'chitokosi sataya nthawi kuwerenga chikwangwani, amayamba kuimbira achibale kuti asonkhe. Dziko limeneli lili ndi anthu oposa 200 miliyoni, kuposa dziko lina lililonse mu Africa, ndipo ambiri a ife timalidziwira m'mafilimu, m'nyimbo ndi pa mpira. Madandaulo awo pa apolisi, pa boma ndi pa khalidwe la iwo eni timangowamvera patali.

Kodi kwenikweni apolisi amawadandaula chiyani?

Choyamba ndi msewu. Woyenda kuchoka ku Lagos kulowera kummawa, kudzera ku Benin City mpaka ku Onitsha, amadutsa marodibuloko ochuluka moti ena amaonana: ukamachoka pa ili, linalo ukuliona kale kutsogolo. Matayala akutha, zipika ndi migolo zatsekereza msewu, wapolisi mfuti ili paphewa, dzanja latambasuka. Dalaivala wa minibasi sachita kuuzidwa. Amakhala atapinda kale kandalama m'chikhatho, amachepetsa liwiro, moni wa padzanja wa kamphindi, ulendo n'kupitirira. Ndalamayo ili ndi maina ake: ena amati egunje, ena roger, ena kola, kutengera mtedza uja amapatsa mlendo pomulandira. Payokha ndi yochepa. Koma ikaperekedwa kambirimbiri pa ulendo umodzi, dalaivala amaibweza pa mtengo wa ulendo, wamalonda amaibweza pa tomato ndi zilazi, ndipo womaliza kulipira ndi mayi wogula ndiwo pamsika amene galimotoyo sanaikwere n'komwe.

Chachiwiri ndi kupolisi kwenikweniko. Wokadandaula kuti am'bera amauzidwa kuti agule mafuta a galimoto, nthawi zina ngakhale pepala lolembapo sitetimenti. Woganiziridwa akathawa, amatenga mkazi wake kapena bambo ake n'kuwatsekera mpaka mwiniwake atadzipereka. Awiri akakangana pa ngongole kapena pa lendi, wandalamayo amakatenga apolisi kuti mnzake akagone masiku awiri pasimenti. Zonsezi n'zoletsedwa. Lamulo la kazengedwe ka milandu la 2015 ndi lamulo latsopano la apolisi la 2020 amakaniza kumanga munthu m'malo mwa wina, komanso kumanga munthu pa nkhani ya ngongole chabe. Malamulo abwino alipo, ali m'mabuku.

Chachitatu ndi imfa. Mu June 2005 apolisi a ku Abuja anapha achinyamata asanu ndi mmodzi, anyamata asanu ochita malonda pa msika wa Apo ndi mtsikana mmodzi, n'kulengeza kuti zinali mbava za mfuti. Ofufuza anapeza kuti linali bodza. Chigamulo chinadzatuluka mu 2017, patapita zaka pafupifupi 12. Apolisi awiri anagamulidwa kuti aphedwe, koma wamkulu amene anali nawo usikuwo anamasulidwa.

Ziphuphuzo zinayezedwapo, kapena ndi nkhani za pabawo chabe?

Zinayezedwa. Nthambi ya boma yoona za chiwerengero, mogwirizana ndi nthambi ya United Nations yolimbana ndi umbanda, yakhala ikufunsa anthu khomo ndi khomo, ndipo inatulutsa malipoti mu 2017, 2019 ndi 2024. Lomalizali linati m'chaka cha 2023 chokha anthu anapereka pafupifupi 721 biliyoni naira m'manja mwa ogwira ntchito m'boma. M'malipoti onsewa apolisi sasowa pakati pa otchulidwa kwambiri.

Wapolisi amachitiranji zimenezi? Ndi umphawi kapena ndi mtima woipa?

Zonse ziwiri zilipo, koma chachikulu ndi mmene ntchitoyo inamangidwira. Mu January 2013 wailesi yakanema ya Channels inaonetsa mkati mwa sukulu ya apolisi ya Ikeja ku Lagos: madenga odontha, zimbudzi zosaloweka, ophunzira ambirimbiri akugawana ndiwo zosakwanira banja limodzi. Goodluck Jonathan, amene anali pulezidenti, anatulukira komweko mwadzidzidzi kuti akaone ndi maso ake. Munthu wophunzira m'malo otero, kenako n'kupatsidwa mfuti ndi yunifolomu imene nthawi zina wachita kudzigulira yekha, amatuluka atadziwa kale chinthu chimodzi: boma silikusamala, dzisamale wekha. Mu 2002 apolisi a maudindo aang'ono anafika ponyanyala ntchito chifukwa cha malipiro ochedwa.

Koma woima pa umphawi pokha waphonya. Ndalama ya pa rodibuloko siithera m'thumba la amene wailandira. Bungwe la Human Rights Watch, m'lipoti lake la 2010, linafotokoza mmene wapolisi wa pamsewu amaperekera gawo kwa womuyang'anira, uyo n'kupereka kwa wamkulu wake, kukwera choncho ngati makwerero. Malo onona amachita kugula, ndipo wobwera madzulo chimanjamanja amapezeka mawa atamutumiza kumene sikudutsa galimoto. Wapolisi wachilungamo m'dongosolo lotere anzake amamuona ngati wowathira mchenga m'nsima. Nanga pamwamba penipeni? Tafa Balogun, yemwe anali mkulu wa apolisi onse m'dzikomo, anagwidwa mu 2005 pa nkhani ya mabiliyoni a naira. Anavomera milandu ina, ndipo chilango chake chinali miyezi isanu ndi umodzi. Konsitabulo aliyense anamva chigamulocho n'kudziwerengera yekha.

Palinso nkhani ya amene apolisiwo akuteteza. Onse pamodzi alipo pafupifupi 370,000, koma mu 2018 Mike Okiro, amene anali wapampando wa komiti yoyang'anira ntchito za apolisi, ananena poyera kuti oposa 150,000 mwa iwo ankalondera akuluakulu ndi ena osayenera n'komwe kulonderedwa. Zithunzi za wapolisi atanyamula chikwama cha mkazi wa bwana, kapena atam'gwirira ambulera, sizidabwitsa munthu. Akuluakulu a polisi otsatizana akhala akulamula kuti alonda oterewa abwerere ku ntchito yawo. Lamulo likamabwerezedwa chaka ndi chaka, mwadziwa kale mmene likumvedwera.

Zinayamba liti? Kodi kale zinali bwino?

Kale limenelo n'lovuta kulipeza. Angelezi atalanda Lagos mu 1861 anakhazikitsa kagulu ka alonda 30, kenako anayamba kulemba amuna achihausa, a chilankhulo china, kuti aziyang'anira Ayoruba a m'mbali mwa nyanja. Sizinali mwangozi: mlendo sachita manyazi kukwapula munthu amene sakuwadziwa mayi ake. Magulu osiyanasiyana anaphatikizidwa mu 1930 kukhala polisi imodzi, ndipo ntchito yake inali kuthandiza kutolera msonkho, kuteteza katundu wa makampani ndi kuphwanya aliyense wodzutsa mutu. Mu November 1949 apolisi anaombera anthu onyanyala ntchito pa mgodi wa malasha wa Iva Valley ku Enugu n'kupha 21.

Ufulu wa 1960 unasintha olamula, koma sunasinthe amene wapolisi amamuopa. Kenako anabwera asilikali, amene analamula dzikoli zaka pafupifupi 29 mwa zaka 39 zoyambirira. Iwo sankafuna polisi yamphamvu yoti ingapikisane nawo, choncho anaimana ndalama ndi zida, n'kuisiyira chizolowezi chawo cholamula ndi ukali. Mu February 1977 asilikali mazanamazana anazinga nyumba ya woimba Fela Kuti ku Lagos, atapsa mtima ndi chimbale chake cha Zombie. Anaitentha, ndipo mayi ake okalamba, Funmilayo Ransome-Kuti, anawaponya pa windo. Anamwalira chaka chotsatira. Ofufuza a boma anati anachita zimenezi ndi msilikali wosadziwika. Mkulu wosadziwikayu zikuoneka kuti sanapumebe pa ntchito.

Mpaka pano malamulo oyendetsera dziko a 1999, pa gawo 214, amati dziko lonse likhale ndi polisi imodzi yokha, ndipo mkulu wake amasankhidwa ndi pulezidenti ku Abuja. Wapolisi wobadwira ku Sokoto atha kutumizidwa ku Calabar, kumene sadziwa chilankhulo ngakhale njira ya kumsika.

SARS chinali chiyani, ndipo bwanji inakwiyitsa achinyamata chotere?

Linali gulu lapadera lolimbana ndi mbava za mfuti, lokhazikitsidwa ku Lagos mu 1992. Ankavala zovala wamba ndi kuyenda m'galimoto zopanda chizindikiro kuti mbava zisawadziwe. Chimene chinkawathandiza kugwira mbava n'chomwenso chinawalola kusanduka mbava. M'zaka za m'ma 2010 anapeza munda watsopano. Poti ku Nigeria kuli akathyali a pa intaneti otchedwa Yahoo boys, mnyamata aliyense wokhala ndi iPhone, laputopu, madiredi kapena ndolo anasanduka woganiziridwa. Amuimitsa, atsegula foni yake, aona uthenga wa kubanki, kenako ulendo wa ku ATM mfuti ili kumsana. Tsoka ilo, nthawi yomweyo Lagos inali kudzaza ndi achinyamata opanga mapulogalamu a kompyuta, ojambula ndi oimba, anthu opeza ndalama zachilungamo popanda tayi kapena ofesi. Mu June 2020 bungwe la Amnesty International linalemba nkhani 82 za kuzunza ndi kupha zimene gululi linachita pakati pa January 2017 ndi May 2020.

Mawu akuti EndSARS anayamba kuyenda pa Twitter mu 2017. Boma linalonjeza kangapo kukonza gululi, kuphatikizapo mu August 2018 pamene Yemi Osinbajo, akugwirizira mpando wa pulezidenti, analamula kuti liunikidwenso. Pa 3 October 2020 kanema wa ku Ughelli m'chigawo cha Delta anafalikira, anthu akuti apolisi aombera mnyamata n'kuthawa ndi galimoto yake. Apolisi anakana, koma panalibenso wowakhulupirira. Patangopita masiku ochepa misewu ya Lagos, Abuja, Ibadan, Benin City ndi Port Harcourt inali itadzaza. Pa 11 October mkulu wa apolisi, Mohammed Adamu, analengeza kuti SARS yathetsedwa, ndipo patapita masiku awiri analengeza gulu latsopano lotchedwa SWAT. Achinyamata anaona kuti njoka yangofundula, ndipo pamsewu sanachokepo.

Zofuna zawo zinali zisanu, ndipo chomaliza anthu ambiri amachiiwala: ankafuna kuti malipiro a apolisi akwezedwe. Zionetserozo zinalibe mtsogoleri mmodzi woti boma lim'gule kapena lim'mange. Gulu la amayi la Feminist Coalition linasonkhetsa pafupifupi 148 miliyoni naira, n'kumalengeza poyera mmene ndalamazo zayendera: chakudya, chithandizo cha ovulala, maloya. Njira za kubanki zitayamba kutsekeka anayamba kulandira Bitcoin. Mfuu yawo inali mawu achiyoruba akuti soro soke, kutanthauza kuti lankhula mokweza.

Nanga pa Lekki panachitika chiyani?

Pa 20 October bwanamkubwa wa Lagos, Babajide Sanwo-Olu, analamula kuti aliyense akhale m'nyumba. Achinyamata amene anali pa chipata cholipiritsa galimoto cha Lekki sanachoke. Anakhala pansi, mbendera zobiriwira ndi zoyera m'manja. Kutada, magetsi a pamalopo ali chizimire, asilikali anafika n'kuyamba kuombera. Mtsikana woseweretsa nyimbo m'madansi, wodziwika kuti DJ Switch, anaulutsa zochitikazo pa Instagram anthu zikwizikwi akuonera. Pambuyo pake anathawa m'dzikomo.

Poyamba asilikali anati pamalopo sanafikepo. Kenako anavomera kuti analipo koma anaombera m'mwamba zipolopolo zosapha. Kenakonso anavomera kuti ananyamula ndi zenizeni zomwe. Amnesty inati anthu osachepera 12 anaphedwa usikuwo ku Lekki ndi ku Alausa. Komiti imene boma la Lagos linakhazikitsa lokha, motsogozedwa ndi woweruza wopuma Doris Okuwobi, inanena mu November 2021 kuti kunali kupha anthu mwachisawawa, ndipo inatchula maina a ophedwa ndi osowa. Boma la Lagos linakana mbali imeneyo ya lipotilo, ndipo nduna yofalitsa nkhani, Lai Mohammed, inaumirirabe kuti mitembo yake palibe.

Masiku otsatira anali oipa. Mapolisi anatenthedwa, apolisi ena anaphedwa mwankhanza, mabasi a boma anayaka pa Oyingbo. Ndiye anthu anatulukira nyumba zosungira katundu zodzaza mpunga, shuga ndi zakudya zina zimene zinaperekedwa kuti zigawidwe pa nthawi ya Covid-19, koma zili chikhomere, ku Lagos, ku Jos, ku Calabar ndi kwina. Khamu linathyola n'kusenza. Mpaka lero samagwirizana kuti wakuba pamenepo anali ndani, wosenza thumba kapena wosunga kiyi.

Apolisi tawamva. Boma lenilenilo amalidandaula chiyani?

Kuti silipezeka pamene likufunika, limangotulukira pobwera kudzatenga. Eni dziko ali ndi nthabwala yakuti banja lililonse ndi khonsolo payokha. Limakumba chitsime chake chifukwa mpopi ndi wouma. Limagula jenereta yake, chifukwa magetsi a dziko lonselo nthawi zambiri sapitirira mamegawati 5,000, ndipo kajenereta kakang'ono kofala kwambiri anakapatsa dzina lotanthauza kuti ndamuposa neba. Kampani ya boma ya magetsi ya NEPA inatha kalekale, koma magetsi akayaka ana amakuwabe dzina lake mokondwa. Okhala mumsewu umodzi amasonkha kuti aike geti, alembe mlonda, athire miyala m'maenje, agule thiransifoma. M'bale akabedwa ndi zigawenga pa msewu wa Abuja kupita ku Kaduna kapena m'midzi ya Zamfara, banja limagulitsa munda, limasonkha pa WhatsApp, n'kukapereka lokha dipo.

Muzu wake wina ndi mafuta. Kuyambira m'ma 1970 chuma cha boma chakhala chikudalira kwambiri mafuta a ku Niger Delta. Mwezi uliwonse nthumwi za zigawo 36 zimakumana kugawana ndalama ndi boma lalikulu, zina n'kupita ku makhonsolo 774. Boma losadalira msonkho wa anthu ake silikhala ndi chifukwa chowaopera, ndipo anthu amene sanaone ndalamayo ikutuluka m'thumba mwawo amaiona ngati njovu yofera m'tchire, aliyense abwere ndi mpeni wake. Iwo amati keke ya dziko. Abwanamkubwa alinso ndi thumba la zachitetezo limene sawerengetsa kwa munthu. Ndalama za makhonsolo nazo ankazigwira okha, mpaka bwalo lalikulu la milandu linagamula mu July 2024 kuti zizipita kwa eni ake molunjika.

Kenako linafika tsiku la 29 May 2023. Bola Tinubu, tsiku lomwe analumbira kukhala pulezidenti, analengeza kuti sabuside ya petulo yatha. Lita imene inali yosakwana 200 naira inalumpha kufika cha m'ma 500 m'masiku ochepa, ndipo 2024 ikamatha inali itadutsa 1,000 m'malo ambiri. Naira, imene inali cha m'ma 460 pa dola, inagwa kudutsa 1,500. Akatswiri ambiri a zachuma amati sabusideyo inali dzenje lobera ndipo inayenera kutha. Mwina akunena zoona. Koma mu 2023 momwemo aphungu, amene alipo 360 m'nyumba imodzi ndi 109 mu Senate, anawagulira galimoto zikuluzikulu zochokera kunja, iliyonse yoposa 100 miliyoni naira, pamene malipiro otsikitsitsa a wantchito anali 30,000 naira pa mwezi. Wouzidwa kuti apirire njala amayang'ana mimba ya womuuzayo.

Mu August 2024 anthu anatulukanso, ulendo uno ndi mfuu ya EndBadGovernance, ndipo kunatentha kwambiri kumpoto, m'mizinda ngati Kano ndi Kaduna. Amnesty inati osachepera 24 anaphedwa. Pa 1 November ana ena amene anagwidwa pa zionetserozo, atakhala otsekeredwa pafupifupi miyezi itatu, anawatengera kukhoti ku Abuja pa mlandu woukira boma. Ena, ataonda, anakomoka m'khoti momwemo. Zithunzizo zitazungulira dziko, pulezidenti analamula kuti amasulidwe.

Ngati akwiya chotere, bwanji osangowachotsa ndi voti?

Pa chisankho cha February 2023 olembetsa anali oposa 93 miliyoni, koma ovota anali pafupifupi 25 miliyoni okha. Tinubu anapambana ndi mavoti pafupifupi 8.8 miliyoni. Achinyamata ambiri a EndSARS anatsata Peter Obi, amene anadabwitsa anthu popambana mu Lagos, kuchimake kwa Tinubu. Bungwe loyendetsa zisankho la INEC linalonjeza kuti zotsatira za malo ovotera aliwonse zidzaikidwa pa intaneti nthawi yomweyo. Za upulezidenti sizinaoneke pa nthawi yake, bungwelo linati makina anavuta, ndipo makhoti anatsimikiza kupambana kwa Tinubu. Woima pamzere kuyambira mbandakucha anabwerera kwawo ndi mafunso.

Komanso voti imagulidwa, ndi mpunga, ndi mchere, ndi ndalama za patsiku. Ayo Fayose, amene anapambana ubwanamkubwa ku Ekiti mu 2014, anatchukitsa mawu akuti chitukuko cha m'mimba. Wosauka amawerengera kuti thumba la mpunga la lero n'lotsimikizika kuposa msewu wolonjezedwa.

Koma anthu wambawo ndi angelo? Si iwo omwe amapereka ziphuphuzo?

Funso limeneli amadzifunsa okha, mwaukali kuposa mmene mlendo angayerekezere. Galimoto zikathinana ku Lagos, mmodzi amatulukira mbali ya obwera, khumi n'kumutsatira, ndipo msewu umene unatsekeka mbali imodzi umatsekeka zonse ziwiri. Madalaivala a danfo, maminibasi achikasu aja, amaima paliponse. A okada, makabaza a njinga zamoto, amadutsa ndi m'njira ya oyenda pansi momwe. Ma agbero, oitanira a m'madepoti, amatolera ndalama kwa dalaivala aliyense mokakamiza. Timajumbo ta madzi akumwa timathera m'ngalande, mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba, anthu n'kumatukwana boma. Kholo limalipirira mwana wake malo olembera mayeso kumene mayankho amachita kupatsidwa. Munthu yemwe amatukwana nduna yakuba, m'bale wake akapatsidwa udindo ndiye woyamba kukaima pakhomo ndi mndandanda wa zosowa, ndipo m'baleyo akachoka pa udindo ali wosauka amamuseka kuti anagona.

Zina n'zoopsa. Galimoto yonyamula mafuta ikagubuduka anthu amathamangirako ndi zidebe. Ku Majiya m'chigawo cha Jigawa, mu October 2024, moto unapha anthu oposa 150 mwa njira imeneyi. Ndiye pali chiweruzo cha khamu, cha tayala ndi petulo. Mu October 2012 ophunzira anayi a pa yunivesite ya Port Harcourt anamenyedwa ndi kutenthedwa m'mudzi wa Aluu atanamiziridwa kuba, anthu akujambula pa foni. Mu March 2025 apaulendo 16 a kumpoto anaphedwa ku Uromi m'chigawo cha Edo, atawaganizira kuti ndi oba anthu. Ukafunsa chifukwa chake, yankho ndi limodzi: tikam'pereka kupolisi mawa timuona akuyenda pamsika. Yankholo likufotokoza mkwiyo, koma silidzutsa mwana wa eni amene sanabe kanthu.

Ndiye wolakwa wamkulu ndani, atsogoleri kapena otsogoleredwa?

Mkanganowu ndi wakale. Chinua Achebe, m'kabuku kake ka 1983 kotchedwa The Trouble with Nigeria, anaika mlandu pa utsogoleri. Ena amayankha kuti atsogoleri sagwa ndi mvula, amabadwira m'nyumba zomwezo. Kufotokoza kumene ine ndimakuona kothandiza ndi kwa katswiri wa komweko, Peter Ekeh, m'nkhani yake ya 1975. Iye anati utsamunda unasiyira munthu wa mu Africa mabwalo awiri. Loyamba ndi la kwawo, la mudzi ndi la mtundu. Kumeneko kuba n'konyansa ndipo munthu amapereka osawerengera. Lachiwiri ndi la boma: ofesi, polisi, msonkho. Limeneli linabwera ndi mlendo, silinakhalepo la munthu, ndipo kutapa kumeneko n'kukatula ku bwalo loyamba kumaoneka kuchenjera, osati tchimo.

Umboni wake suchita kufunafuna. Msungichuma wa bungwe la anthu ochokera mudzi umodzi, ngati aja ali ponseponse pakati pa Aigbo, amawerengetsa kobo iliyonse pamaso pa anzake. Amayi a pamsika amayendetsa chipereganyu chawo, chimene Ayoruba amati esusu kapena ajo, zaka ndi zaka popanda pepala la loya. Wamalonda wa ku Onitsha kapena ku Nnewi amalera mnyamata zaka zingapo akumuphunzitsa bizinesi, kenako n'kumupatsa mpamba, nthawi zambiri pa pangano la pakamwa. Anthu omwewa ndi amene akunenedwa kuti sadziwa lamulo. Pa zionetsero za October 2020 achinyamata ankatola okha zinyalala m'matumba asanabalalike. Ndipo kafukufuku uja wa ziphuphu anapezanso kuti mwa anthu 100 aliwonse amene anapemphedwa chiphuphu mu 2023, pafupifupi 70 anakanapo kamodzi kapena kuposa.

Choncho zoti ndi chibadwa ine sindigwirizana nazo. Woyenda mbali ya obwera uja anaona mdipiti wa galimoto za bwana ukuchita zomwezo, apolisi akukwapula ochedwa kupatuka. Anawerengera: wodikira pamzere amafika mochedwa, wodumpha salangidwa, ndipo akagwidwa pali mtengo wake. Mlandu ulipo mbali zonse, koma sulemera mofanana. Amene ali ndi mfuti, makhoti ndi thumba la dziko ndiye angasinthe masamu amenewa. Wogulitsa zilazi sangathe.

Bwanji osangowaongola ndi chikoti?

Zinayesedwa. Mu March 1984 boma la asilikali la Muhammadu Buhari ndi wachiwiri wake Tunde Idiagbon linayambitsa nkhondo yolimbana ndi kusamvera. Asilikali ankaima pa masiteji a basi ndi zikoti, wogwira ntchito m'boma wofika mochedwa ankamulumphitsa ngati chule, ndipo kunakhazikitsidwa Loweruka loti aliyense azisesa. Mizere inawongoka, ndipo achikulire ena amaikumbukirabe nthawiyo mosirira. Koma Ibrahim Babangida atagwetsa bomalo mu August 1985, mizere inapindikanso. Anthu ankaopa chikoti, sankakhulupirira kuti basi iwakwanira onse. Buhari yemweyo, atabwerera ndi voti mu 2015, ndiye anali pampando usiku wa ku Lekki, ndipo mu June 2021 boma lake linatseka Twitter miyezi isanu ndi iwiri itafufuta uthenga wake.

Ambiri akuti chigawo chilichonse chikhale ndi polisi yake. Zingathandize?

Mwa njira ina zinayamba kale. Zigawo za Ayoruba zinakhazikitsa gulu la Amotekun mu January 2020. Ku Kano kuli Hisbah, yoyang'anira malamulo a Chisilamu. Ku Borno achinyamata odzipereka anathandiza asilikali kuthamangitsa Boko Haram mu Maiduguri kuyambira 2013. Ofuna ganizoli amati wapolisi wa konkuno amadziwa tchire, amadziwa chilankhulo, amadziwanso mwana wa ndani wayamba kuyenda usiku.

Otsutsa amakumbutsa zinthu ziwiri. M'zaka zoyambirira za ufulu kunali apolisi a mafumu ndi makhonsolo kumpoto ndi kumadzulo, ndipo zipani zolamula zinkawatuma kuzunza otsutsa, mpaka asilikali anawathetsa. Chachiwiri ndi Bakassi Boys, gulu limene amalonda a ku Aba anayambitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 atatopa ndi mbava. Poyamba anthu ankawaombera m'manja. Posakhalitsa anali kudula anthu ndi zikwanje poyera, ndipo andale anayamba kuwatuma. Mantha ndi akuti bwanamkubwa amene kale amalamula zisankho za makhonsolo m'chigawo chake, akapatsidwanso mfuti, ma SARS adzakhala 36.

Amene atopa amatani?

Amene angathe amachoka. Mawu ake ndi japa, achiyoruba, kutanthauza kuthawa osacheuka. Madokotala, anamwino ndi akatswiri a kompyuta adzaza ku Britain, Canada ndi America. Otsala amaseka, amapemphera, ndipo amajambula wapolisi pa foni n'kuika pa intaneti. Kanema akafalikira, nthawi zina wapolisiyo amachotsedwadi ntchito, akuluakulu ake n'kumuonetsa akuvula yunifolomu. Wozunzidwa kumudzi kopanda netiweki alibe mwayi umenewu.

Kodi a ku Lekki analandira chilungamo?

Zigawo zambiri zinakhazikitsa makomiti omva madandaulo a nkhanza za apolisi, ndipo ena analandira chipepeso. Ku Lagos kokha kunaperekedwa ndalama zoposa 400 miliyoni naira. Malipoti a zigawo zina sanatuluke n'komwe. Mu July 2024 bwalo la milandu la ECOWAS, bungwe la maiko a kumadzulo kwa Africa, linagamula kuti boma la Nigeria linaphwanya ufulu wa anthu atatu amene anali pa Lekki, mmodzi wa iwo DJ Switch, ndipo linalamula kuti apepesedwe ndi ndalama. Amnesty yakhala ikunena chaka ndi chaka kuti palibe amene wazengedwa mlandu pa za usiku umenewo, pamene ena mwa achinyamata ogwidwa mu October 2020 anali akadali m'ndende patapita zaka zitatu.

Pa 20 October kagulu ka anthu kamabwerabe pa chipatacho ndi mbendera kudzakumbukira. Mu 2021 ndi 2022 anawabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi. Mu 2024 ena anawakweza m'galimoto ya apolisi, n'kuwamasula pambuyo pake. Galimoto zimenezo zimafika pamalopo m'mamawa, iwo asanafike.